Mmene a Ndowa Anakwatirira Shaki

"Ababa, mzere mwadumpha pati?" anafunsa mwana wawo wamkazi, akutembenuza mapepala uku ndi uku ngati munthu wofuna khomo pa nyumba yachilendo.

"Kudumpha? Ndine chule ine?" anayankha a Ndowa.

Anali atakhala pa tebulo la m'khitchini, magalasi ali pamphuno, cholembera chili kukhutu. Dzina loti a Ndowa anawapatsa ndi anzawo a kuntchito, chifukwa kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri palibe anawaonapo akuyenda chimanjamanja. Ankagwira ntchito ku nyumba yoonetsera zamoyo za m'nyanja ya mchere, kumene anthu amapita kukaona nsomba ndi zilombo za m'madzi m'matanki a galasi. Wodyetsa zamoyozo anali iwo. M'mawa uliwonse ankadutsa m'khonde ndi ndowa zawo, ya shaki payokha, ya kamba payokha, ya nkhanu payokha, ndipo zilombozo ankazipatsa ulemu ngati akuluakulu a pa msonkhano. Kwa iwo kunalibe shaki, kunali a shaki. Kunalibe nkhanu, kunali a nkhanu.

Tsopano nthawi yopuma pa ntchito inali itayandikira, ndipo a Ndowa mtima unali m'malere. Kukhala pakhomo kumaonerera mapazi awo? Osamvanso fungo la madzi a mchere? Ankati akaganiza zimenezo tiyi ankazizira m'kapu.

A manijala, mayi wachangu woyenda ndi makiyi m'manja, anawamvera chisoni ndipo anawapatsa mwayi umodzi. Zikwangwani zofotokoza zamoyo zinali zitafufutika, ndiye panafunika zatsopano zisanu ndi chimodzi. Choyamba chinali cha mafupa a namgumi opachikidwa kudenga, kenako cha kamba, cha shaki, cha nkhanu, ndi cha okutopasi, chamoyo chofewa chija cha miyendo isanu ndi itatu. Chomaliza chinali cha pakhomo lotulukira, chofotokoza za a Ndowa eniake, ndipo pamwamba pake padzakhala chithunzi chawo ali ndi akazi awo.

"Akakondwa nazo a komiti," anatero a manijala, "muzibwera katatu pa sabata kudzayendetsa ana a sukulu. Akapanda kukondwa, ndiye ndi kunyumba basi. Koma mvetsani, achikulire. Mulembe ndime zisanu ndi imodzi. Ndime imodzi, chikwangwani chimodzi. Wosindikiza amadula pamene mwadumpha mzere."

A Ndowa anagwedeza mutu. Chimene anamva ndi "katatu pa sabata". Zinazo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Ndiye zimene mwana wawo anali atagwira m'manja zinali masamba anayi odzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda mpata woti nyerere ipumirepo. Mwanayo anali mphunzitsi, ndipo anayamba kuwerenga mokweza.

"'A namgumi si nsomba, amapuma mpweya ngati ife ndipo amayamwitsa ana awo. A shaki za kuyamwitsa alibe nazo ntchito, koma mano akaguluka ena amamera. A kamba alibe dzino ngakhale limodzi. Ndikanena za mano ndakumbuka tsiku limene mayi a kunyumba anandimwetulira koyamba.' Ababa! Mizere inayi, mwayenda nyanja yonse mpaka mwafika kwa amayi."

"Kukoma kwake n'komweko," anatero a Ndowa monyada.

"Nanga apa? 'Musaope, pisani dzanja muwasisite pamsana, amakonda.' Amene amakonda kusisitidwayo ndani?"

"A kamba, nanga angakhale ndani?"

"A kamba mwawasiya mizere isanu kumbuyoko. Pakati apa padutsa a nkhanu."

"Munthu wanzeru adziwa."

"Ababa, ndime ndi chinthu chophweka. Mumatenga nkhani imodzi. Chiganizo choyamba chitchule mwini wake, zotsatirazo zinene za iye yekhayo. Zikatha, dumphani mzere, yambani wina. Ana anga a sitandade faifi amachita zimenezi."

Apo ndiye analakwitsa. Munthu wa imvi sumuyerekeza ndi ana a sitandade faifi. A Ndowa anavula magalasi.

"Iwe, nyanja unaionapo mkati mwake? Ine ndili mnyamata ndinagwira ntchito m'sitima zaka zitatu. M'nyanja mulibe mipanda. A namgumi akamadutsa pamwamba, a nkhanu amakhala akuyenda pansi, nthawi yomweyomweyo. Ndiye ine ndikamalemba za a kamba, n'kundifikira chokoma cha a shaki, ndichisiye chizizire? Ndimachigwira pompo. Chikabwera china ndimachigwiranso. Ndiponso mzere wopanda kanthu n'kuwononga pepala."

Akazi awo anali kusinki, akutsuka makapu. Sanatembenuke n'komwe.

"Asiye bambo akowo," anatero. "Ngakhale pofunsira anayamba ndi za injini ya sitima. Ndinazindikira mawa lake kuti ndafunsiridwa."

Mapepala anapita kwa wosindikiza mmene analili. A manijala sanawaone, chifukwa sabata imeneyo anali pa maphunziro kwina, ndipo a Ndowa anakawapereka okha m'envelopu ndi manja awiri.

Lachisanu masana foni inalira. A Ndowa anali pamwamba pa makwerero, nsomba ili m'manja, a shaki akuzungulira pansi. Anapanira foni pakati pa phewa ndi khutu.

"Bambo, ndine wosindikiza. Zolemba zanuzi ndazitaipa, koma sindikuona podula. Ndidule pati?"

"Wosindikiza ndinu kapena ndine?"

"Ndine, koma nkhaniyi ndi yanu. Mukanabwera mudzandisonyeze."

"Achimwene, ndili ndi a shaki anjala pano. Dulani podulika."

Wosindikiza anali ndi ntchito zina khumi zomudikira, ndipo za m'nyanja ankangodziwa kuti muli madzi. Anawerenga mizere pa kompyuta, napeza makumi asanu ndi limodzi. Zikwangwani zisanu ndi chimodzi. Masamu ake ngosavuta: mizere khumi khumi. Anadula ngati buledi, natsata mndandanda umene anapatsidwa, khumi yoyamba kwa namgumi, khumi yachiwiri kwa kamba, mpaka pakhomo. Musamunene. Munthuyo anafunsa.

Zikwangwani zinafika Lolemba m'mawa, kutatsala ola limodzi kuti mwambo wozionetsa uyambe. Anazikhoma mothamanga n'kuziphimba ndi nsalu. Kunabwera a wapampando wa komiti, bambo wa suti yotuwa wokonda kuwerenga mokweza pagulu. Kunabwera kalasi yathunthu ya ana a sukulu ndi aphunzitsi awo. Akazi a a Ndowa anavala diresi yobiriwira, mwana wawo ali pambali. A Ndowa eniake anavala tayi, koma ndowa sanaisiye, anati dzanja likuchita manyazi.

Pa mafupa a namgumi zinayenda bwino ndithu. Chikwangwani chinayamba ndi namgumi, ndipo ngakhale chinathera pa mano a shaki, anthu anaomba m'manja. A Ndowa anayang'ana mwana wawo ndi diso loti waona?

Anafika pa dziwe la kamba. Kambayo anali wamkulu ngati beseni losambira, akuyandama mwaulesi. A wapampando anakoka nsalu, natsokomola, nawerenga.

"'Akatsegula kukamwa mukhoza kulowamo anthu ambirimbiri. Lilime lawo lokha amati limalemera ngati njovu.'"

Ana onse anasuzumira m'dziwe. Kamtsikana kena kanakweza dzanja.

"Aphunzitsi, lilimelo amalisunga kuti?"

"Zimenezo n'za a namgumi," anatero a Ndowa mofulumira. "Zangotsalira m'mbuyo pang'ono. Tiyeni kutsogolo."

Kutsogoloko kunali tanki ya shaki. Chilombocho chinadutsa pagalasi, kukamwa kuli yasa, mano ali mbuu. A wapampando anakoka nsalu.

"'Ndinawapeza pa windo la matikiti. Atandimwetulira, ndinadziwa kuti ndikalamba nawo amenewa. Mpaka lero ndikawaona m'mawa mtima umagunda.'"

Kenako mwana wina kumbuyo anafuula, "Agogowa anakwatira shaki!"

Chiphokoso cha kuseka chinadzaza khonde lonse. Ngakhale aphunzitsi awo anabisa nkhope m'kaundula. Akazi a a Ndowa anayang'ana shaki, nayang'ana amuna awo, nakonza kolala ya diresi.

"Ndiye mnzangayo ndi ameneyu," anatero motsitsa mawu. "Mano okha wandiposa."

A manijala anayamba kuliza makiyi m'manja. Anafuna kuimitsa mwambo, koma a wapampando anali atafika kale pa tanki ya nkhanu. Tanki imeneyi inali yaifupi, yotsegula pamwamba, ndipo pakona pake panakhala chinkhanu chachikulu ngati mbale, zopanira zake zili m'mwamba. Pofuna kubweza ulemu wa mwambo, a wapampando anawerenga ndi mawu a ufumu.

"'Musaope, pisani dzanja muwasisite pamsana, amakonda.' Mwamva ana inu? Chilengedwe sitichiopa. Onani ine."

Anapinda mkono wa suti.

"Bwana, ayi!" anakuwa a Ndowa.

Mochedwa. Nkhanu inagwira chala chapakati ngati pulayala. A wapampando anatulutsa mawu amene sanali pa pulogalamu, nakweza dzanja m'mwamba nkhanu ili lende, madzi akuwazikira aliyense. A Ndowa anathamanga kuti akathandize, naponda pamene panagwera madziwo. Miyendo inapita kudenga, msana unapita pansi, ndowa inauluka n'kukhuthulira tinsomba pa tayi. Anagona chagada, akuyang'ana nthiti za namgumi.

Koma ntchito yawo ankaidziwa. Ali chigonere anafuula, "Musakoke! Bwezani dzanja m'madzi, asiya okha!"

A wapampando anabweza dzanja m'madzi, ndipo nkhanu inasiyadi n'kubwerera kukona kwake chammbali, ngati palibe chachitika.

Chikwangwani cha okutopasi palibe anachivundukula. Aliyense anangolunjika kukhomo. Koma pakhomopo nsalu inali itagwa yokha, ndipo chithunzi chinali poyera: a Ndowa ndi akazi awo, akumwetulira, mitu itagundana. Akaziwo anaima, natulutsa magalasi m'chikwama, nawerenga okha pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere.

"Akakwiya amasintha mtundu. Fupa alibe, choncho palibe pamene sangalowe. Ndi akuba ochenjera: kawiri konse anatsegula chivundikiro n'kukadya chakudya cha anzawo. Ndakhala nawo nthawi yaitali, koma sindiwatembenukira msana."

Anapinda magalasi. A Ndowa, amene anali atadzuka ndipo ankatsimphina kumbuyo, anaona khosi la akazi awo likusinthadi mtundu.

"Mayi, zimenezo n'za a okutopasi."

"Chithunzicho n'cha a okutopasi?"

A manijala anawakokera pambali. "Achikulire, ndinati ndime zisanu ndi imodzi. Zili kuti?"

"Zonse zilimo, mayi. Palibe chabodza ngakhale chimodzi."

"Zoona zake n'zimene zaluma a wapampando. Komiti ikumana Lachinayi. Ine pakamwa pandiuma, sindikudziwa kuti ndikakunenereni chiyani."

Kunyumba a Ndowa anafika dzuwa likadali pamutu. Akazi awo sanaphike tiyi, sanakhale pansi. Anatenga kope la zolemba zija limene mwana wawo anajambulitsa, natenga sizasi, natsitsa mbale zisanu ndi imodzi pa shelefu n'kuzindandalika patebulo.

"Khalani apo," anatero. A Ndowa anakhala, mosamala chifukwa cha msana.

"Zaka makumi atatu ndi ziwiri, munayamba mwaikapo a nkhanu m'tanki ya a shaki?"

"Ayi. Angadyane."

"Chakudya cha a kamba munayamba mwachithira mu ndowa ya a okutopasi?"

"Ndingapenge? Aliyense ali ndi ndowa yake."

"Nanga bwanji papepala mwawathira onse mu ndowa imodzi, ndi ine ndemwe? Mumayesa papepala sadyana?"

A Ndowa anatsegula pakamwa kuti anene za nyanja yopanda mipanda, koma akazi awo anawadula.

"Za nyanjazo musayambe. Anthu sabwera kunyanja, amabwera ku matanki. Munthu amaima pa galasi limodzi, n'kuona chinthu chimodzi, akakhuta n'kusuntha. Zimenezo munazidziwa ndi ndowa, zakukanikani ndi cholembera."

Mwana wawo, amene ananena zomwezo sabata yatha m'chinenero cha kusukulu, anangoluma mlomo. Anadziwa kuti akaseka awononga.

Sizasi inayamba kulira. Akaziwo ankadula chiganizo chimodzi chimodzi n'kuwapatsira amuna awo.

"'Amaikira mazira mumchenga.' Ndani?"

"A kamba."

"Mbale yachiwiri. 'Amafundula chigoba chikawathina.'"

"A nkhanu."

"Yachinayi. 'Sindiwatembenukira msana.'"

"A okutopasi, mayi. Ndikulumbira."

"Tiona. Yachisanu."

Mbale zitadzaza, mwana wawo anawathandiza kundandalika timapepala ta mbale iliyonse. Pamwamba ankaika chiganizo chotchula mwini nkhani, kuti wowerenga asachite kulota. Pamene panalibe chotero, a Ndowa ankalemba chatsopano. Anadabwa kuona kuti za a shaki, zitasonkhana pamodzi, zinali zokoma kuposa kale, chifukwa chiganizo chilichonse chinkakankha chinzake. Anadabwanso kuona kuti mbale ya a nkhanu inali ndi ziganizo zitatu zokha, ndipo chenjezo loti amapana munalibemo n'komwe. Zaka zonsezo ankalidziwa, koma m'chipwirikiti chija sanaone kuti sanalilembe.

Patebulo panatsala timapepala tisanu ndi tiwiri topanda mbale: za injini ya sitima, za kapitawo wina wa chipewa chong'ambika, za nsapato imene inagwera m'nyanja.

"Izi nanga?" anafunsa a Ndowa.

"M'bini."

"Mayi, ya nsapatoyi ndiye yokoma kuposa zonse!"

"Ikakomere m'binimo."

Lachinayi a Ndowa anakaima pamaso pa komiti ndi pepala la ndime zisanu ndi imodzi, pakati pa iliyonse pali mpata woyera woti ndowa n'kukhalapo. A wapampando anawerenga chala chili m'bandeji. Anawerenga kawiri ndime ya nkhanu, imene tsopano inkayamba ndi mawu oti, "A nkhanu amapana, musapise dzanja." Kenako anaika pepala pansi.

"Izi zikanabwera poyamba, bwenzi tikukamba za katatu pa sabata," anatero. "Koma chala changa chikuti musabwerenso. Chokhacho, munandiuza zobweza dzanja m'madzi muli chigonere pansi, ndiye ntchito mumaidziwa. Muzibwera kamodzi, Lachitatu. Ndipo mukaima pa tanki, muzinena za mwini tankiyo. Mukangotchula namgumi pa kamba, kwanu."

Masiku atatu anasanduka limodzi. Masiku enawo a Ndowa amakhala pakhomo, kuthirira maluwa ndi ndowa imene anapatsidwa potsazikana. Lachitatu likafika amavala tayi m'mamawa, ndipo ana akangowaona amanong'onezana kuti amuna a shaki afika. Dzinalo linakakamira, silidzachokanso.

Zikwangwani zolakwika zija anakazitaya, kupatula chimodzi. Cha pakhomo chija akazi awo anachipempha, ndipo anachikhoma m'chipinda chochezera, pamwamba pa wailesi. A Ndowa akayamba nkhani ya magetsi n'kulowetsamo za msuweni wawo, za bondo lawo ndi za injini ya sitima, akaziwo sayankha. Amangoloza chikwangwanicho ndi supuni, ndipo bambowo amameza malovu n'kubwerera ku magetsi.

A Ndowa sanali mbuli, ndipo sananame. Chinawagwetsa n'chakuti chokoma chilichonse chimene chinawafikira m'mutu anachigwira nthawi yomweyo, osamaliza chimene chinali kale m'manja. Akuluakulu anaziona kalekale zimenezi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ndiye inu, mukatenga cholembera, kaya ndi kalata, kaya ndi lipoti la kuntchito, chonde chitani bwino kuposa a Ndowa. Gwirani chimodzi, chitchuleni dzina, chimalizeni, dumphani mzere. Pepala silidzakutherani, ndipo akunyumba kwanu sadzapezeka m'tanki ya eni ake.